Tsiku Limene Ndinavula Kofia ya Useni

1

Ngati munaimapo pa bwalo la mganda kulikonse kuyambira ku Mtengula mpaka ku Kobwe, nyimbo iyi munaimva:

Dotolo wa ng'ombe, ee,
wafula nkhunzi za eni ake,
yake waitaya kumtunda!

Anyamata amaiimba akutukula mapewa, malipenga a zikho akulira, amayi akuseka atagwira pakamwa. Ambiri mwa iwo sadziwa kuti dotoloyo anali munthu weniweni, wokhala ndi mbumba, ndipo lero ali ndi manda. Anali amalume anga, a Hezekiya. Nyimboyo sindinapeke ndine, koma nkhuni ndinatola ndine, moto ndinakoleza ndine. Opeka anangobwera kudzaotha.

Dzina langa ndine Augustino. Kuwerenga ndinakudziwa ndili wamkulu kale, pa sukulu ya madzulo ya pa mishoni, zovala zikununkha ndowe. Masiku ano anthu akakangana za malire a munda kapena za ukwati amabwera pakhonde panga, ati chifukwa sindithamangira kugamula. "A Augustino amayamba afunsa kawiri," amatero. Ndimangoti zikomo. Sadziwa kuti kuchedwako ndinakugula ndi dzina la munthu.

2

Amalume anali mnyamata chaka chimene mliri unasesa ng'ombe m'mbali mwa nyanja muno, makola n'kusanduka minda ya maungu. Pa mishoni panali dotolo wachizungu, wa anthu koma wokonda ziweto. Ndiye anawaphunzitsa kung'amba ng'ombe yakufa n'kuwerenga za m'mimba mwake, kusoka bala, ndi kubereketsa. Pobwerera kwawo dotoloyo anawasiyira bokosi lathabwa. Munali mipeni, singano zokhota, jekeseni yamkuwa, ndi chitsulo choboolera mimba ya ng'ombe ikatupa. Ting'ombe tochepa timene tinapulumuka amalume anatitsekera pa kamtunda kolowa m'nyanja, n'kutchinga ndi minga mpaka mliri unadutsa. Ng'ombe iliyonse mukuiona kuno lero ndi mdzukulu wa timeneto.

Kenaka anayamba kuphunzitsa. Sukulu yawo inali pansi pa mkuyu, pambali pa khola la mishoni, ndipo mpando wawo unali mwala. Kwa zaka makumi atatu amuna ankabwera pa mabwato, ena a ku Likoma, ena a ku Lunyo, n'kukhala chaka kapena ziwiri. Ankaphunzira kudziwa matenda ponunkhiza mpweya wa ng'ombe. Ankaphunzira kusinja ombwe, womwe uja asodzi amaledzeretsera nsomba, n'kusambitsa nawo ziweto kuti nkhupakupa zigwe. Ngakhale shefi, bwana wa Kampani imene inkalamulira dera lino ku Mtengula, bulu wake akatsimphina, ankatuma msilikali kudzawatenga, msilikaliyo n'kuwanyamulira ambulera.

Anali ndi malamulo awo, ndipo ankawabwereza mpaka tinkachita kuwalota. Lalikulu linali ili: "Ukafuna kudziwa thole, yamba wayang'ana make. Nkhunzi imadumpha makola, koma make ndi mmodzi."

Ine ndinali mwana wa mlongo wawo, a Lea. Iwo ndi akazi awo, malemu a Carlota, sanakhale ndi mwana. Mwa mwambo wathu za mwamuna zimapita kwa mwana wa mlongo wake, choncho palibe anafunsapo kuti bokosi lija lidzakhala la yani. Ndinayamba kulisenza mano a mkaka asanathe m'kamwa. Dazi limene lili pakati pa mutu wangali si la nzeru ayi, ndi la bokosi limenelo.

Amalume anali ndi banga la tsitsi loyera pamwamba pa mphumi, chibadwire. Ndi la mtundu wathu. Limagwira wina n'kudumpha wina. Ine linandidumpha.

3

Useni anabwera naye amalume okha, potsika ku ulendo wawo wa chaka ndi chaka wokaona ng'ombe za kumtunda. Anali mwamuna wa zaka ngati makumi awiri, wofatsa, Msilamu, mwana wa a Ibrahimo ena ake olima chimanga ku Maniamba. Kofia yake yoyera sinkachoka kumutu, kaya akusamba, kaya akugona.

"Iwe, kofia imeneyi anakukhomera ndi msomali?" ndinamufunsa tsiku lina.

"Bambo anati ndisamaivule kunyanja, achimwene. Ati dzuwa la kuno ndi lolusa."

Ndisaname, manja ake anali abwino. Aang'ono, odekha. Ng'ombe yolusa inkagwetsa makutu iye akaigwira. Koma nanenso ntchito ndinkaidziwa, ndipo zimenezo sizinkandiopsa. Chinkandiwawa n'china. Popeza amalume anali okha, mlendoyu ankadya kwathu, ndipo amayi anga, amene sanapatsepo munthu mutu wa chambo kupatula bambo, anayamba kumuikira iye.

"Amayi, mutu wa nsomba wasochera mbale."

"Ndi mlendo, iwe. Ufuna akalengeze kumtunda kuti Anyanja ndi oumira?"

Malaya ake akang'ambika ankasoka ndi iwo. Nyama ya nkhumba inaleka kulowa mumphika mwathu. Bambo anga a Timoteo, amene anabwerera kuchokera ku migodi ya ku Joni ndi chifuwa n'kupatsidwa ntchito yoliza belu la tchalitchi, ankangoseka mpaka kutsokomola. "Usachite nsanje, Gusti. Amako apeza mwana wa ku ukalamba."

M'mawa wina ng'ombe ya mishoni inatitimira m'matope kubango, thole litapingasa m'mimba. Tinalowa awiri, madzi a m'chiuno. Ine ndinagwira nyanga, Useni n'kupisa dzanja mpaka phewa. Ng'ombe inaphupha, n'kumukwapula ndi mchira, kofia ija khu, m'madzi. Mutu wake unali wometa koma tsitsi linali litayamba kumera. Pamwamba pa mphumi, loyera mbuu, panali banga lija.

Anaitola msanga n'kuivala ikudontha. Sanandiyang'ane. Thole linatuluka lamoyo, ndipo ine ndinabwerera kunyumba ngati munthu amene watola mpeni panjira. Ndinawonkhetsa ndekha. Amalume alibe mwana m'nyumba. Amakwera kumtunda chaka chilichonse. Mwa anyamata onse a kumeneko atsika ndi uyu. Ndinaubisa mpeni wanga, osauza munthu.

4

Chaka cha 1926 manja a amalume anayamba kunjenjemera. Akusoka bala la mbuzi, singano inawabaya okha pa chala. Anayang'ana magaziwo nthawi yaitali.

"Basi," anatero. "Chiweto chisamve dzanja langa likuchita mantha."

Anapita kwa apadiri kukanena kuti akupuma ntchito. A mishoni anasankha tsiku, titatha kukolola, ndipo uthenga unayenda ndi mabwato kuti onse amene anakhalapo pansi pa mkuyu abwere kudzatsanzikana ndi mphunzitsi wawo.

Tsikulo litayandikira anandipeza ndikusinja ombwe.

"Augustino, bokosi lija likwera kumtunda."

Ndinasiya munsi. "Likukakonzedwa?"

"Ndimupatsa Useni."

"Amalume, ine ndalakwanji?"

"Palibe. Khala pansi ndikuuze zonse."

"Ine ndine mwana wa mlongo wanu! Nanga mwambo mwauika pati?"

Anandiyang'ana mwa njira imene sindinaimvetse tsiku limenelo. "Mwambo sindikuuphwanya. Khala pansi, iwe."

Sindinakhale. Ndinawasiya ali chiimire pambali pa mtondo, ndipo masiku otsalawo ndinkawazemba ngati ndawabera.

5

Mabwato anayamba kufika dzuwa lisanatenthe. Amuna a imvi amene anaphunzira ine ndisanabadwe anatsika ndi ana awo. A pafupi anabwera akukoka ng'ombe, aliyense yake imene amalume anaichiza kapena kuibereketsa, n'kuzidutsitsa pamaso pawo imodziimodzi. Amalume, atavala jekete loyera, ankatchula dzina la iliyonse ndi la make.

A Leonardo a ku Kobwe, wophunzira wawo woyamba, anaimirira ndi ndodo. "Ine aphunzitsiwa anandigoneka m'khola sabata yathunthu chifukwa ndinati ng'ombe yafa ndi ufiti ndisanaing'ambe. Udzudzu wa khola limenelo ukundidziwabe mpaka lero!" Anthu anaseka. Mganda unavinidwa, fumbi koboo.

Kenaka amalume anaimirira, bokosi lili pamapazi pawo.

"Sindinachize zonse," anatero. "Zimene zinafa ndizo zinandiphunzitsa kwambiri, ndiye ndikuzithokoza nazonso. Kunyanja kuno ndasiya manja ambiri. Kumtunda kulibe ndi limodzi lomwe. Useni, bwera kuno."

Bwalo linayamba kunong'ona. Maso ambiri anatembenukira kwa ine. Useni anayenda monyinyirika n'kugwada pamaso pawo. Amalume anawerama kuti anyamule bokosi.

Sindinamwe mowa tsiku limenelo. Ndikunena izi kuti musandipezere chowiringula. Ndinadzuka bwinobwino, n'kuyenda bwinobwino mpaka pakati pa bwalo.

"Kwathu kuno munthu salandira mphatso ya akulu atavala chipewa," ndinatero mokweza. Ndinatambasula dzanja n'kuichotsa kofia ija.

Mitu iwiri inali yogundana, wa nkhalamba yowerama ndi wa mnyamata wogwada. Mabanga awiri oyera, malo amodzimodzi. Ng'oma imene inkagundagunda kumbuyo inaleka yokha.

"Ee! Thole la Dotolo!" anakuwa mayi wina, ndipo wina anaseka, kuseka kumodzi kokha, kwakuthwa.

Apadiri anadzuka pa mpando. "A Hezekiya, mnyamata uyu ndi ndani kwa inu?"

Amalume anaweramuka pang'onopang'ono. Sanayang'ane ine. Anayang'ana kumene kunakhala amayi, ku mikeka ya kumanzere, n'kubweza maso.

"Mlandu wa mwana uyu ndisenza ndine, bambo."

"Ndi wanu?"

"Ndanena kuti ndisenza ndine."

Useni anatola kofia yake pansi, n'kuisasa fumbi, n'kutuluka m'bwalo osathamanga. Dzuwa lisanalowe anali atayamba kale kukwera phiri. Nyama ya phwando inatsala m'miphika. Mabwato anabwerera tsiku lomwelo, lililonse litasenza nkhani.

6

Akulu a mpingo sanachedwe. Mnyamatayo anabadwa a Carlota ali moyo, choncho chinali chigololo, ndipo chobisidwa zaka zambiri pa guwa. Amalume anachotsedwa pa Mgonero, n'kuuzidwa kuti azikhala kumbuyo, pafupi ndi khomo, pamene amakhala olapa. Munthu amene kwa zaka makumi atatu ankawerenga Mawu kutsogolo anayala kamkeka kake pakati pa anyamata ogwidwa ndi atsikana a eni.

Bokosi akulu a mpingowo anandipatsa ine. Ndinaliika pa phaka m'nyumba mwanga, ndipo ntchito inkayenda bwino lomwe. Chimenechi ndicho chimandipweteka. Ng'ombe sizinafe, dzanja langa silinafote, Mulungu sanandimenye ndi mphezi. Ndikakanika kanthu ndinkapita kwa amalume, ndipo iwo ankandiyankha ali pakhonde ngati palibe chinachitika.

"Wayang'ana m'kamwa? Nanga ndowe zake? Pita ukayang'anenso."

Mwezi usanathe nyimbo ija inamveka koyamba. Ana ankaiimba podutsa kuseri kwa nyumba yawo. Iwo ankangopota chingwe chawo.

Amayi ndiwo anasintha. Analeka kupita kukavina chioda, analeka kuseka, ndipo nsalu inayamba kuwazungulira kawiri. Ndinkayesa ndi manyazi a mchimwene wawo.

7

M'mawa wina ndinawapeza pa thamanda pamene ankaviika chinangwa cha kondowole. Anali okha, akuvuula ndi kusenda.

"Amayi, mukudzipha ndi tchimo la eni," ndinatero. "Amalume akukolola zimene anafesa okha. Ine ndinangovundukula."

Anasiya chinangwa. "Unenenso."

"Ndati akukolola zimene..."

Anamasula duku lawo n'kuliponya pa mwala. Tsitsi lawo linali ndi imvi apa ndi apo, koma pamwamba pa mphumi banga lija linkaoneka palokha, loyera mbuu.

Musaganize kuti ndinali ndisanalione. Ndinkaliseweretsa ndi zala ndili kumsana kwawo. Ndinkalidziwa ngati chikhatho changa. Koma ndani amayang'ana mayi ake ndi maso amene amayang'anira ng'ombe?

"Amalume ako anakuphunzitsa kuti chiyani za thole?" anafunsa.

Ndinakhala pansi m'matope momwemo.

"Ukukumbuka chaka chimene unakhala kwa agogo ako, n'kukuuza kuti ndadwala kumtunda? Kunali njala. Bambo ako anali atatha zaka zitatu ku Joni popanda mawu, ndipo obwerako ankati anafera mumgodi. Ndinkasenza usipa kukasinthitsa ndi chimanga ku Maniamba. Kumeneko kunali mwamuna wina wa amalonda."

"Anakugwirani ndi mphamvu?"

"Ayi. Usandichepetsere tchimo langa, Augustino. Ndinali wamkulu, ndipo ndinapita ndi miyendo yanga." Anapukuta manja pa nsalu. "Mimba itaoneka, iye anali atapita kale kugombe la nyanja yamchere. Nthawi yomweyo uthenga unafika kuti bambo ako ali moyo, akubwera. Achimwene anandipeza kumeneko ndikufuna kumwa zoipa. Ananditengera kwa a Ibrahimo, amene akazi awo anali atangotaya khanda. Ndinachirira komweko. Ndinamuyamwitsa mwezi umodzi, n'kutsika phiri mkaka ukudontha."

"Ndiye Useni..."

"Anatuluka mmene unatuluka iwe. Ndi mwana wa mlongo wa a Hezekiya, monga iwe. Chaka chilichonse achimwene ankakwera kukandionera mwana, n'kudzandiuza kuti wamera mano, wayamba kuyenda, wavinidwa. Pamapeto anati, 'Lea, ndikubweretsera umuone ndi maso ako, ngakhale pomupatsa mbale pokha.' Ndipo iwe unamuvula pa bwalo."

Sanalire. Anatola duku, n'kulimanga, n'kupitiriza kusenda.

8

Ndinathamangira kwa amalume. Anali pakhonde ndi chingwe chawo.

"Ndikupita kwa apadiri," ndinatero. "Ndikanena zonse."

"Zonse ziti? Zako kapena za amako?"

Ndinatembenuka kuti ndizipita.

"Wang'amba kale osayang'ana. Tsopano ufuna ung'ambenso pena kuti upeze chikopa chosokera? Bambo ako chifuwa chija ukuchimva. Khala pansi. Lero lokha khala."

Ndinakhala.

"Ine ndine mwini mbumba. Dzina limeneli ndinalisungira chiyani ngati silingafunditse mlongo wanga pa tsiku lozizira? Ndalifunditsa, basi."

"Koma ntchito yanu yonse, amalume! Akukuimbani m'nyimbo!"

"Ng'ombe sizimva nyimbo." Anakoka chingwe. "Chimodzi chokha ndicho chimandiwawa. Ukanakhala pansi tsiku lija ukanamva. Bokosi ndi zitsulo chabe. Mkuyu, khola ndi ophunzira ndinasungira iwe, chifukwa iwe umatha kufotokoza, mng'ono wako satha. Ndikanalengeza zimenezo nditangomaliza ndi iye."

Ndinawalonjeza kuti nditseka pakamwa, ndipo ndinatsekadi. Chimene chinachitika Lamulungu lotsatira sichinachokere kwa ine kapena kwa iwo.

Belu litaleka kulira tonse tinali titakhala, amuna kumanja, akazi kumanzere. Amayi anga anali pa malo awo akutsogolo, pamene amakhala amayi otsogolera nyimbo. Apadiri asanayambe, amayi anaimirira. Anapinda mkeka wawo, n'kumasula duku, n'kuyenda pakati pa tchalitchi mutu uli pambalambanda, mpaka kumbuyo.

"Lea, bwerera," ndinamva amalume akunong'ona.

"Sunthani, achimwene. Malo ano ndi anga. Mwandisungira mokwanira."

Palibe anaseka ulendo uno. Amayi achikulire anayang'ana banga lija, n'kukumbukira chaka cha njala, n'kuweramitsa mitu.

Woliza belu amalowa pomaliza, ndipo malo ake ndi pakhomo pomwepo. Bambo anga anali atangokhala pansi, akupuma movutikira. Anayang'ana mutu wa mkazi wawo nthawi yaitali. Kenaka anakoka mkeka wawo pang'ono. Mpaka lero sindidziwa ngati ankawapatsa malo kapena ankawathawa. Chaka chimenecho sanadye za mumphika wa amayi, ankadya kwanga. Chaka chinacho anabwerera ku mbale yawo, ndipo anamwalira nkhaniyo asanaitchule ndi kamodzi komwe.

9

Bokosi ndinalisenza ndekha kukwera phiri, pa dazi lomwe lija. Useni ndinamupeza m'khola la a Ibrahimo, akuchotsa nkhupakupa m'khutu la thole. Kumutu kunalibe kofia.

"Ndabweretsa katundu wanu."

"Wanga?"

"Wanu. Mwa mawu a mwini wake, ndiponso mwa mwambo."

Ndinamuuza zonse nditaimirira kunja kwa khola. Sanaleke ntchito yake mpaka ndinamaliza.

"Aja ankandiikira mutu wa nsomba?"

"Omwewo."

"Ndinkayesa amangondimvera chisoni." Anamasula thole lija. "A Ibrahimo anandiuza ndili wamng'ono kuti mayi anga anafa. Za bambo sananene, koma ndinali ndi maso. Mphunzitsi akabwera ndinkaona mutu wake, n'kumati mumtima, bambo anga ndi awa, tsiku lina adzanena. Ndiye inu mwandilanda bambo kawiri. Pa bwalo paja, ndi lero."

"Ndikhululukireni."

"Ikani bokosilo pa mthunzi, a Augustino. Zitsulo sizifuna dzuwa."

Pamene sankadziwa kuti ndine mbale wake ankanditcha achimwene. Kuyambira tsiku limenelo sanandiitanenso choncho.

Amalume anabwezedwa pa Mgonero pa Pasaka, koma phwando silibwerezedwa. Nkhani yoipa inapita pa bwato, yabwino inatsatira wapansi, ndipo madoko ambiri sinafikeko. A Leonardo anamwalira akukhulupirira kuti mphunzitsi wawo anali wachiphamaso. Amalume nawo anatisiya mvula yotsatira. Pa maliro Useni anatsika, n'kuima kunja kwa mpanda wa manda. Titabwerako amayi anamutumizira mbale ya mutu wa chambo. Anaiyang'ana kanthawi, n'kusamba m'manja, n'kudya. Ng'ombe za kumtunda zili ndi dotolo wawo tsopano, ndipo akuti manja ake ndi a Hezekiya enieni.

Ine ndimakhala pa mwala uja pansi pa mkuyu. Wophunzira aliyense watsopano ndimamuyambira pa lamulo la thole ndi make, ndipo amadabwa chifukwa chake mawu amandithera pakati. Ndinayendapo kwa atsogoleri a mganda kukapempha kuti nyimbo ija aisiye. "Madala, nyimbo ilibe mwini," anatero mmodzi. "Komanso imavinika bwino."

Inu owerenga, onse a m'nkhaniyi anagona kupatula ine ndi Useni, ndipo iye wandilola kuti ndilembe. Sindikupempha kuti mundimvere chisoni. Mukadzaimva nyimbo ija vinani ngati miyendo yakana kuima, koma mukamamwa mkaka m'mbali mwa nyanja muno mudziwe kuti munthu akumuimbayo ndiye anasunga mbewu yake, ndipo sanataye mwana aliyense kumtunda. Dzina lake anali Hezekiya. Ine ndinaona chinthu choona ndithu, ndi maso angawa, n'kunena nacho bodza. Dzanja lanu likamayabwa kuti livule mnzanu kofia pagulu, yambani mwakhala pansi. Mutu umene uli pansi pakepo mwina ndi wa mayi anu.